Kodi sitima zonyamula anthu zinatha bwanji, nanga njanji ingatifikitsenso kumudzi?

Nambewe, Mufakose

Moni nonse abale amene mumakhala muno mu Harare ndi m'madera ozungulira. Ndili ndi funso limene lakhala likundivutitsa, ndipo popeza akuluakulu amati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri, ndaona kuti ndilitule pano pamene pali ena amene anagwirapo ntchito ku njanji komanso ena amene amayenda kawirikawiri pakati pa kuno ndi kumudzi.

Mayi anga kwawo ndi ku Thyolo, ndipo anabwera kuno ali mtsikana kutsatira bambo anga amene anali atapeza ntchito m'mafakitale. Iwo amanenetsa kuti ulendo wonsewo anauyenda pa sitima, kukwerera pa Luchenza mpaka kudzatsikira pa siteshoni ya m'tauni muno, mzindawu ukutchedwabe Salisbury. Tsopano akalamba, miyendo imatupa akakhala malo amodzi nthawi yaitali, koma mtima wawo uli pa kukaona achemwali awo amene atsala okha pamudzi. Ulendo wa basi wodzera ku Nyamapanda, Tete ndi Zobue mpaka kukalowa pa Mwanza ndimaudziwa bwino, ndipo ndikaganiza za kutsika ndi kukweranso pa zipata, kuima pamzere padzuwa ndiponso kupanikizana ndi katundu wa amalonda, ndimachita mantha kuti mayi akafika ali odwala. Iwo akangomva za basi amafunsa kuti bwanji osakwera sitima, muja munthu amatambasula miyendo, amagona, ndipo chimbudzi chimakhala momwemo.

Ndiye ndikupempha amene mukudziwa kuti mundiuze ngati njira imene mayi anadzera ija idakalipo, ndiponso ngati munthu angathe kuyendamo lero ngakhale mosinthasintha sitima. Ndikufunanso kumvetsa chimene chinachitikira sitima zonyamula anthu m'dziko muno, chifukwa ine ndinakula ndikuziona, anthu akupita ku Bulawayo ndi ku Mutare usiku n'kukafika m'mawa, koma ana anga akukula njanji akuiona ngati malo ongodutsapo popita kumsika. Ena amati vuto linali matenda a Covid-19, koma matendawo anatha kalekale ndipo mabasi anabwerera pamsewu.

Bambo Phiri, Rugare

Zikomo Mayi Nambewe chifukwa cha funso lanu, limene landikhudza kwambiri popeza ndinagwira ntchito ya njanji mpaka kupuma, poyamba kuyadi ya Lochinvar kumene timalumikiza ndi kulekanitsa mabogi, kenako m'sitima momwemo. Za njira ya kumudzi ndiwasiyira ena amene akuidziwa bwino, ine ndiyankhe za kuno.

N'zoona kuti bungwe la National Railways of Zimbabwe linaimitsa sitima zonyamula anthu mu Marichi 2020 pamene boma linatseka dziko chifukwa cha Covid-19, koma amene akunena kuti matendawo ndiwo anapha sitimazi akuona mapeto okha a nkhani. Sitima zinali zitafooka kale zaka zambiri m'mbuyomo, ndipo kuti mumvetse muyenera kudziwa chinthu chimodzi chimene anthu ambiri okwera sachiganizira: njanji ya dziko lino sinamangidwire anthu, inamangidwira katundu. Inafika ku Bulawayo mu 1897 kuchokera kumwera, ina yochokera ku Beira inafika ku Mutare mu 1898 ndi kuno mu 1899, ndipo mizinda iwiri ikuluikuluyi inalumikizidwa mu 1902. Kuchoka apo anaikokera ku Hwange kumene kuli malasha, n'kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Victoria Falls mu 1905 kulunjika ku migodi ya kumpoto. Nthambi zake mukaziyang'ana, ya ku Shamva, ya ku Chinhoyi, ya ku Masvingo, ya ku Zvishavane, zonse zimathera pamene pali mgodi kapena minda ikuluikulu. Ndalama ya tikiti ya munthu sinakwanitsepo kulipira mafuta, ogwira ntchito ndi kukonza njanji. Chimene chinkalipira zonsezi ndi malasha, chitsulo, feteleza, chimanga, fodya ndi miyala ya m'migodi, ndipo sitima ya anthu inkangoyenda pa msana pa katunduyo.

M'zaka za m'ma 1990 njanjiyi inkanyamula katundu woposa matani 10 miliyoni pachaka, koma m'zaka zaposachedwapa sikufika ngakhale matani 3 miliyoni. Fakitale ya zitsulo ya ZISCO ku Redcliff, imene inkadya malasha ambiri ochokera ku Hwange, inaima mu 2008, chaka chimenenso ndalama ya dziko lino inasanduka mapepala wamba. Mafuta a galimoto ambiri amabwera pa paipi yochokera ku Beira kudzera ku Feruka, pafupi ndi Mutare, mpaka ku Msasa muno mu Harare. Katundu wotsalayo eni ake anamusamutsira m'malole, chifukwa lole imanyamuka lero n'kufika mawa, pamene bogi ikhoza kudikira injini masiku angapo. Aliyense amene wayendapo pa msewu wa ku Victoria Falls waona chimene malole a malasha auchita msewuwo, chonsecho njanji ili pambali pomwepo.

Katundu akachepa ndalama zokonzera zimachepanso, ndipo njanji si chinthu chimene mungachisiye chaka chimodzi osachigwira. Mitanda imene njanji imagonapo imafuna kusinthidwa, miyala ya pansi pake imafuna kuwonjezeredwa ndi kutsenderedwa, ngalande zimafuna kutsegulidwa dzinja lisanafike. Malo amene afooka, akatswiri amalamula kuti woyendetsa achepetse liwiro, ndipo malo otero akachuluka ulendo wa usiku umodzi umatalika mpaka masana a tsiku lotsatira. Pakati pa Harare ndi Bulawayo pali makilomita osakwana 500 pa njanji, mtunda umene basi imaumaliza m'maola ochepa, choncho munthu amene ali ndi ntchito yomudikira sangasankhe sitima imene ola lake lofikira silidziwika.

Koma chimene ine ndimachiona kuti ndi chachikulu kuposa zonse ndi masiginolo. Pafupifupi njanji yonse ya dziko lino ndi ya mzere umodzi, kutanthauza kuti sitima yopita ndi yobwera zimayenda pa zitsulo zomwezo, ndipo zimapatukirana pa malo oikika okha. Kale munthu mmodzi atakhala mu ofesi ankaona pa bolodi la magetsi pamene sitima iliyonse ili, n'kutsegula kapena kutseka njira ali pomwepo, ndipo woyendetsa ankangomvera nyali yofiira kapena yobiriwira. Mawaya a dongosolo limeneli anali a kopa, ndipo akuba anawadula m'madera ambiri. Zikatero sitima zimayenda ndi chilolezo cholembedwa papepala ndi mauthenga a pa wailesi, njira imene imagwira ntchito koma ndi yochedwa ndipo imadalira kuti pasapezeke munthu wolakwitsa. Enanu mukukumbukira ngozi ya ku Dete pa 1 Febuluwale 2003, pamene sitima ya anthu inawombana ndi ya katundu ndipo anthu pafupifupi 50 anataya miyoyo. Bogi ya malasha ikagwa mumatola malashawo, koma bogi ya anthu ikagwa ndi maliro m'mabanja ambiri, n'chifukwa chake sitima ya anthu ndiyo imayamba kuimitsidwa njanji ikayamba kukayikitsa.

Akubawo sanalekere pa masiginolo. Mu 1983 chigawo cha pakati pa Harare ndi Dabuka, pafupi ndi Gweru, chinaikidwa magetsi, mtunda wa makilomita oposa 300, ndipo injini zamagetsi zinkakoka katundu wolemera mwakachetechete, popanda utsi. Lero mukadutsa pa Norton kapena pa Chegutu muona mizati yokha itaima, mawaya kulibe. M'madera ena a ku Midlands okumba golide afika pokumba pansi pa njanji penipeni.

Mayi anu akunena zoona za ubwino wa sitima. Mu kalasi yoyamba chipinda chinkakhala cha anthu awiri kapena anayi, mu yachiwiri atatu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo mipando yachikopa ija usiku inkatambasulidwa n'kukhala mabedi. Pansi pa tebulo la pawindo panali beseni losambira m'manja, ndipo m'mabogi akale a ku Victoria Falls magalasi anali adakali ndi zilembo za RR za nthawi ya Rhodesia Railways. Wantchito ankabwera ndi zofunda zochapa bwino kwa amene walipira. Kukacha, sitima ikuyenda m'mphepete mwa nkhalango ya Hwange pa chigawo chowongoka chija cha pakati pa Gwayi ndi Dete, chimene chimapitirira makilomita 100 popanda kukhota, ana ankaunjikana pa mawindo kuona njovu ndi nyama zina. Zimenezi ndinaziona ndi maso anga ndipo ndimafuna zitabwerera, koma sizingabwerere mwa kungopenta mabogi. Poyamba pabwerere katundu, njanji ndi masiginolo zikonzedwe, ndiye anthu akwere.

Mayi Nabanda, Mabvuku

Bambo Phiri, mwafotokoza momveka bwino ndipo ndaphunzirapo zambiri, koma pa mawu anu omalizawo ndiloleni ndisiyane nanu pang'ono, mwaulemu. Mukati anthu adikire mpaka katundu abwerere, ndiye kuti tidikira mpaka liti? Mu 2017 tinamva za mgwirizano wa ndalama zokwana madola 400 miliyoni ndi kampani ya Transnet ya ku South Africa pamodzi ndi gulu la anthu a kuno okhala kunja, ndipo mu 2019 boma linauthetsa ntchito yeniyeni isanayambe. Ngati sitima ya anthu iyenera kudikira kuti ndalama zochuluka chotero zipezeke, ambiri a ife tidzakalamba tisanaikwere.

Ine maganizo anga ali pa sitima za m'tauni muno, zimene sizifuna makilomita 500 a njanji yabwino. Mu 2001 kunayamba sitima zija anthu ankazitcha Freedom Train, zonyamula anthu opita ku ntchito kuchokera ku Mufakose, ku Dzivarasekwa ndi kuno ku mbali ya Mabvuku ndi Ruwa, komanso ku Bulawayo zinaliko. Ine ndinkagulitsa masamba ndi tomato, ndipo sitima imeneyo ndiyo inandithandiza kulera ana. Tinkadzuka kudakali mdima, kuyenda wapansi kukafika pa malo okwerera, ndipo dengu langa ndinkaliika pakati pa miyendo popanda wondiuza kuti ndilipirire mpando wachiwiri. Bogi iliyonse inali ndi anthu ake: ina ya mapemphero, momwe amayi ankayimba nyimbo za kutchalitchi mpaka kulowa m'tauni, ina ya abambo okangana za mpira. Tikatsika pa siteshoni, khamu lonse linkadzaza msewu wa Kenneth Kaunda, aliyense kulunjika kwake. Mtengo wake unali wotsika kwambiri poyerekeza ndi kombi (minibasi), ndipo kwa munthu amene phindu lake la tsiku ndi laling'ono, kusiyana kumeneko ndi chakudya cha madzulo.

Mu 2021 sitimazi zinabwereranso mogwirizana ndi kampani ya mabasi ya boma ya ZUPCO, nthawi imene makombi anali oletsedwa ndipo anthu ankagona pamizere ya mabasi, koma mu 2022 zinaimanso. Izi zikusonyeza kuti njanji ya m'tauni muno ikhoza kunyamula anthu ngakhale lero, ndipo chimene chimavuta ndi kugwirizana kuti alipire ndani. Tsopano taonani mmene tikuyendera: anthu asanu ndi awiri kapena kuposerapo kupanikizana mu mushikashika, kagalimoto kakang'ono konyamula anthu popanda chilolezo, ana a sukulu atakhala m'buti, magalimoto atatsekana pa msewu wa ku Mutare kuyambira pa Msasa m'mawa uliwonse. Anthu a ku Chitungwiza, amene ndi ochuluka zedi, akhala akulonjezedwa njanji kuyambira zaka za m'ma 1980 ndipo mpaka lero kulibe.

Mwanena kuti tikiti sikwanitsa kulipira sitima, ndipo sindikutsutsa. Koma msewu nawonso sudzilipira wokha, boma limaumanga ndi misonkho yathu chifukwa limadziwa kuti anthu ayenera kufika ku ntchito. Sindikuona chifukwa chimene sitima yonyamula anthu osauka iyenera kuweruzidwa ndi muyeso wina. Pepani Mayi Nambewe kuti ndapatuka pa nkhani ya mayi anu, koma inu a ku Mufakose mukudziwa bwino kuti njanji imadutsa pakhomo panu pomwepo.

Bambo Mbewe, Highfield

Mayi Nambewe, ine ndiyankhe mbali ya ulendo wa kumudzi, chifukwa nkhani ya mmene makolo athu anafikira kuno ndakhala ndikuifufuza kwa akuluakulu a kumpingo kwathu ndi m'mabuku a mbiri.

Mayi anu sakulakwitsa. Njira imeneyo inalipo, ngakhale kuti inali yozungulira kwambiri, chifukwa pakati pa Harare ndi Tete sipanamangidwepo njanji. Nthambi yolowera kumpoto chakum'mawa imathera pa Shamva, ndipo ku Mutoko ndi ku Nyamapanda kulibe njanji konse. Munthu wochokera ku Luchenza ankayamba walowera kumwera, osati kumadzulo. Sitima inkatsika mapiri kulowa m'chigwa cha Shire, kudutsa Makhanga, kuwoloka Shire pa Chiromo, kenako Bangula, Nsanje imene kale inkatchedwa Port Herald, n'kutuluka m'dziko pa Marka. Ikalowa mu Mozambique inkawoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana, pakati pa Mutarara ndi Sena, mlatho wotalika makilomita oposa atatu ndi theka umene unatsegulidwa mu 1935. Mlathowo usanamangidwe, anthu ndi katundu ankawoloka mtsinjewo pa madzi. Kuchoka pa Sena sitima inkapitirira kumwera mpaka pa Dondo, pafupi ndi Beira, pamene njanjiyi imakumana ndi ina yochokera kunyanja kupita ku Machipanda, Mutare, Rusape, Marondera mpaka kuno. Chigawo cha ku Malawi chinafika ku Blantyre mu 1908, ndipo cha pakati pa Dondo ndi Zambezi chinatha mu 1922. Ulendowu unali wa masiku angapo, ndipo anthu akuda ankakwera m'mabogi a mipando yamatabwa, atanyamula kamba wa panjira.

Tisaiwale kuti si onse amene anabwera pa sitima. Ambiri, makamaka a m'chigawo chapakati ndi cha kumpoto, anayenda wapansi milungu yathunthu kudzera ku Tete, ena anakwera malole onyamula anthu ofuna ntchito mwaulere otchedwa Ulere kapena kulembedwa ndi a Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito. Koma ambiri mwa amene anafika anakapeza ntchito ku njanji komweko, n'chifukwa chake ku Rugare kuno ndi ku Sizinda ku Bulawayo mumamva Chichewa m'misewu mpaka lero.

Chimene chinadula njira ya mayi anu ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, imene m'zaka za m'ma 1980 inatseka njanji ya ku Sena, ndipo mlatho wa Dona Ana womwe unaonongedwa. Nkhondo inatha mu 1992, ndipo patapita zaka njanji ya ku Sena inakonzedwa, makamaka chifukwa cha malasha a ku Moatize, zimene zikugwirizana ndi zomwe Bambo Phiri anena kuti njanji imatsata katundu. Chachiwiri chinachitika kwathu komweko: mu 1997 madzi osefukira anakokolola njanji pa Chiromo, ndipo kuyambira pamenepo Bangula ndi Makhanga sizinalumikizanenso. Boma la Malawi lakhala likukonza chigawo cha pakati pa Marka ndi Bangula, ndipo a ku Mozambique anamanganso mbali yawo kuchokera ku Mutarara kufika pa malire, koma malinga ngati pa Chiromo sipanamangidwe, sitima yochokera ku Beira singafike ku Luchenza kapena ku Limbe kudzera njira imeneyo.

Malawi masiku ano amadalira kwambiri njanji ya ku Nacala, imene inatsegulidwa mu 1970 kuchokera pa Nkaya kudzera ku Liwonde ndi Nayuchi. Kuyambira 1999 njanji za dzikolo zili m'manja mwa kampani ya Central East African Railways, ndipo sitima ya anthu imene anthu akumudzi amaidziwa ndi ya pakati pa Limbe, Balaka ndi Nayuchi, yothandiza kwambiri alimi ndi amalonda a m'midzi imene misewu yake ndi yovuta. Palinso njanji yatsopano yochokera ku Moatize yodutsa m'maboma a Chikwawa, Mwanza ndi Neno kukalumikizana ndi yakale pa Nkaya, koma imeneyo anaimangira malasha opita ku doko la Nacala. Mbali ya kuno, njanji ya pakati pa Beira ndi Machipanda inakonzedwanso ndipo atsogoleri a Mozambique ndi Zimbabwe anaitsegulira mu 2023. Choncho zidutswa za njira zilipo, ndipo zonse ndi za muyeso umodzi wa mamilimita 1,067, moti bogi ya ku Harare ikhoza kuyenda pa njanji ya ku Limbe popanda kusintha mawilo. Chimene palibe ndi sitima ya anthu yolumikiza zidutswazo.

Kunena mosabisa, musawalonjeze mayi ulendo wa sitima. Kuyesa kulumikiza sitima za mayiko atatu, ndi kugona m'masiteshoni achilendo podikira ina, kungawatopetse kuposa basi ya makilomita pafupifupi 600. Ngati banja lingasonkhe, ndege yochokera pa bwalo la Robert Gabriel Mugabe kupita ku Malawi ndiyo ingawapepukire. Ngati zimenezo n'zosatheka, sankhani miyezi yozizira ya Juni kapena Julayi chifukwa kutentha kwa ku Tete kumafooketsa ngakhale achinyamata, muwagulire mpando wakutsogolo, ndipo pakhale munthu wamphamvu wowaperekeza amene angaime pamzere m'malo mwawo kufikira nthawi yodinda pasipoti. Mabanja ena amabwereka galimoto n'kugona usiku umodzi panjira, kuti wokalamba apumule ndi kuyendetsa miyendo.

Nambewe, Mufakose

Ndathokoza kwambiri nonse atatu. Bambo Mbewe, ndawawerengera mayi mayina a masiteshoni amene mwatchula, ndipo atamva Dondo anati pamenepo ndi pamene anadikira nthawi yaitali ali ndi mtolo pamutu. Tikambirana ndi alongo anga za ndege. Bambo Phiri, ndili ndi funso limodzi lotsala: kodi zimene Mayi Nabanda akunenazi n'zotheka, kuti sitima za m'tauni zibwerere pazokha popanda kudikira kuti njanji yonse ya dziko ikonzedwe?

Bambo Phiri, Rugare

N'zotheka, ndipo Mayi Nabanda akunena zoona kuti mtunda waufupi suvuta ngati wautali. Kuchoka m'tauni kukafika ku Mufakose kapena ku Ruwa sitima sifunika kuthamanga, ndipo ngakhale itayenda pang'onopang'ono ikhoza kupambana galimoto imene yatsekeredwa pamsewu. Pa mfundo yakuti boma lithandizepo ndi ndalama za misonkho sinditsutsana nawo ngakhale pang'ono, chifukwa m'mayiko ambiri sitima za m'mizinda zimayenda motero.

Koma pali zinthu zimene ziyenera kukhalapo kuti zisadzaimenso pakatha chaka chimodzi. Sitima ya m'mawa imafuna injini yakeyake imene singalandidwe kukakoka katundu, ndipo injini zoyenda bwino n'zochepa, moti iliyonse imene yapatsidwa kwa anthu yachotsedwa ku ntchito yobweretsa ndalama. Injiniyo imagwira ntchito maola ochepa m'mawa ndi madzulo, masana onse ili chiimire, pamene woyendetsa, womuthandiza, alonda ndi ogulitsa matikiti ayenera kulipidwa mwezi wathunthu. Amene akulipira kusiyana kumeneku ayenera kulembedwa momveka m'pangano ndipo azilipira pa nthawi yake. Chinanso ndi malo okwerera. Mabogi athu anapangidwira masiteshoni okhala ndi nsanja, ndipo pamene anthu amakwerera pa miyala, sitepe yoyamba imakhala pamwamba kwambiri moti wokalamba kapena mayi wobereka mwana amachita kukokedwa ndi anzake. Malo amene njanji imadutsana ndi misewu nawonso amafuna zotchinga ndi nyali zogwira ntchito, chifukwa oyendetsa magalimoto ambiri anazolowera kuti sitima sibwera ndipo amangodutsa osayang'ana.

Pamene ndikusiyanabe ndi Mayi Nabanda ndi pa sitima za mtunda wautali. Za ku Bulawayo, Mutare ndi Victoria Falls zinkayenda usiku, m'tchire, kutali ndi chipatala, ndipo pa zimenezo sindingalangize kuti tifulumire masiginolo asanabwezeretsedwe. Ikanakhala kuti ndafunsidwa poyambira, ndikanati ayambe ndi njanji ya ku Mutare, chifukwa ndi yaifupi, yosakwana makilomita 300, imadutsa m'matauni a anthu ambiri monga Marondera ndi Rusape, ndipo popeza mbali ya ku Mozambique yakonzedwa kale, katundu wopita ku doko la Beira angathe kulipira kukonza kwa mbali yathu. Chigawo choyamba cha njanji imeneyo ndi chomwecho chimene chimadutsa pa Msasa, Mabvuku ndi Ruwa, choncho ntchito imodzi ingathandize sitima ya m'tauni ndi ya ku Mutare pamodzi.